Nyanga ya Kumanzere

Ndinachoka ku Kabula ndili ndi malaya awiri, bulangeti limodzi ndi kalata ya ku mishoni yonena kuti ndimatha kuwerenga, kulemba, ndi kugwira tupa ndi nyundo. Bambo anandiperekeza mpaka pa mtsinje wa Mudi. Amayi anatsala pakhomo ndi mphwanga Yotamu, amene nthawi imeneyo ndevu zinali zisanamuyambe.

Za ulendo sindichulukitsa. Tinayenda pansi kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, tinawoloka Zambezi pa bwato, ndipo amene anafika ku Halale mapazi ali abwino anali ochepa. Ine ndinapitirira mpaka ku mgodi wina wa golide, kutali ndi njanji. Kalata ija inandipulumutsa ku dzenje. Anzanga ankatsika pansi m'mawa uliwonse, ine anandiika pamwamba, mu shopu ya zitsulo.

Kumeneko tonse ankatitcha Manyasa, kaya ndiwe Myao, Mlomwe, Mmang'anja kapena Mngoni. Tinkagona asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi cha pa komboni, pa mabedi a simenti. Nyengo yozizira simentiyo inkalowa m'mafupa. Lamulungu masana ndinkakhala pansi pa mtengo ndi kulembera anthu makalata opita kwawo, ndipo ndi pamenepo ndinadziwana ndi Che Saidi.

Che Saidi anali Myao wa ku Limbe, kuseri kwa phiri la Mpingwe. Anali wamfupi, wa miyendo ya matewe, ndipo ankandiposa zaka. Nyama ya phoso limene kampani inkatipatsa sankadya chifukwa anali Msilamu ndipo sankadziwa amene anazinga, choncho ankandipatsa ine, ine n'kuwapatsa nyemba ndi mtedza wanga. Ankanditcha Akalaliki. Ntchito yawo inali yosiririka: ankakwera njinga yamoto ya kampani, kunyamula makalata ndi mankhwala pakati pa mgodi ndi siteshoni ya sitima. Kupita ndi kubwera linali tsiku lathunthu.

Mzungu wa mu shopu yathu ankaopa kulemba lipoti la ngozi kuposa ngoziyo. Tsiku lina analamula kuti njingayo tiiveke zitsulo. Anajambula pa pepala, ine ndinapinda mapaipi pa chipala. Awiri otuluka m'mbali kutsogolo, kuti njinga ikagwa isapsinje mwendo. Awiri ena kumbuyo. Malata otchinga miyendo kutsogolo. Chitsulo china chafulati pansi pa injini. Titamaliza, Che Saidi anaizungulira kawiri manja ali kumbuyo.

“Akalaliki, imeneyi ndi njinga kapena ng'ombe ya ngolo? Taonani nyanga zakezo.”

Tinaseka tonse, ndipo dzina linakhala lomwelo. Kuyambira tsiku limenelo mapaipi aja sitinawatchulenso dzina lina. Zinali nyanga.

Vuto linali mchenga. Msewu wa ku siteshoni unkadutsa m'mitsinje youma itatu. Njinga itagwa mu mchenga koyamba, Che Saidi analephera kuidzutsa. Anakhala pambali pake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, kudikira ngolo yodutsa. Ulendo wina nyanga ya kumbuyo inakola chitsa pa njira yopapatiza n'kuwaponyera m'minga. Anabwera ku shopu akuzula minga m'mkono.

“Ndiuzeni zoona,” anatero. “Mukunditeteza, kapena mwandikhomera kale bokosi lachitsulo?”

Mzungu uja atapita kutchuthi, tinayamba kuchotsa, chimodzichimodzi, ndipo chilichonse tinkayamba takangana. Nyanga za kumbuyo ndinavomera msanga, chifukwa ndinaona ndekha kuti zinkatuluka kwambiri. Malata a miyendo ankasunga matope ndiponso ankatchinga mphepo yoziziritsa injini, amenewonso anachoka. Chitsulo cha pansi anati chikhale, chifukwa cha miyala. Zinatsala nyanga ziwiri za kutsogolo. Pamenepo ndinakana.

Ndinakana milungu ingapo. Kenako mvula inayamba, mitsinje ija inadzaza, ndipo Che Saidi ankachita kukankha njinga m'madzi ofika m'chiuno.

“Nyangazi zimakola zinyalala, madzi n'kumandikoka,” anatero. “Chotsani nyengo ino yokha. Mvula ikatha mudzabwezera. Kodi mabawuti amawola?”

“Mukagwa?”

“Ndikagwa ndigwera m'matope. Matope ndi matiresi. Mukundiopera chiyani, Akalaliki, ngati ndinu mkazi wanga?”

Anali mabawuti anayi. Ndinawamasula n'kuwaika m'chitini pa shelefu, nyanga n'kuzikoleka pakhoma.

Mvula inatha. Pampu yaikulu ya mgodi inawonongeka ndipo tinatanganidwa nayo. Nyanga zija ndinkaziona pakhoma tsiku ndi tsiku, n'kumati ndidzazibwezera Loweruka. Che Saidi sanandikumbutse, chifukwa njinga inali itapepuka ndipo ankaikonda choncho. Loweruka lachitatu lisanafike, anakumana ndi lole yonyamula mitengo pa kona. Anapatukira kumanzere, m'mphepete momwe munali timiyala, tayala linatsetsereka, ndipo njinga inawagonera pa mwendo injini ili yotentha. Ku chipatala cha mgodi anadula mwendowo pansi pa bondo.

Ndinapita kukawaona. Anayamba ndiwo kulankhula.

“Nsapato imodzi ndakusungirani. Ina mugule nokha.”

“Che Saidi, ndinalakwa.”

“Anakupemphani ndani? Si ine?”

“Koma sipanala inali m'manja mwanga.”

Anayang'ana kudenga nthawi ndithu. Kenako anati nditenge pepala. Anandiuza kuti ndilembere akazi awo ku Mpingwe kuti ali bwino, angosintha ntchito. Ndinalemba momwemo. Kampani inawapatsa ndodo zoyendera n'kuwatulutsa pa komboni. Kwawo anakana kupita. Anati akafuna telala wina m'tauni awaphunzitse, popeza makina osokera amafuna phazi limodzi lokha. Ndinawanyamulira katundu mpaka pa ngolo. Ndinalandira makalata awo awiri, olembedwa ndi dzanja la munthu wina, kenako zii.

Patapita nthawi inenso ndinachoka pa mgodi n'kukalowa ntchito mu galaja ina ku Halale. Kumeneko ndinayamba chizolowezi. Njinga yamoto iliyonse yobwera itagwa ndinkayamba ndayang'ana mbali imene yakhulika. Zambiri zinali kumanzere. Chifukwa chake si chovuta. Timayendera kumanzere kwa msewu. Galimoto ikabwera kutsogolo itatenga pakati, wanjinga amathawira kumanzere, ndipo kumeneko ndi kumene kumakhala timiyala ndi motsetsereka mopita ku ngalande. Ndinaphunziranso muyeso wake. Zitsulo zikachuluka zimalemetsa njinga ndipo zimakola. Zikasoweratu, mwendo ndiwo umakhala chitsulo. Nyanga ziwiri zazing'ono kutsogolo, zosapitirira m'lifupi mwa chiwongolero, zimakwana.

Zaka zinkapita. Ndinkatumiza kumudzi zimene ndinkatha: mabulangeti, nsalu, jekete la bambo. Kalata yonena za imfa ya bambo inandipeza mwezi utatha kale chiikireni maliro. Ndinati ndipita ntchito ikachepa. Sinachepe. Makalata anayamba kutalikirana, anga ndi awo omwe. Munthu sadziwa tsiku limene wasanduka mtchona; amangomva anthu akumutchula choncho.

Ndinabwerera pa sitima, kudzera ku Beira, imvi zitayamba m'mbali. Limbe ndinamupeza wina: mashopu a Amwenye atandandalika, mashedi a fodya, malole. Ndinayenda pansi mpaka kwathu, m'mphepete mwa mtsinje wa Naperi, kumunsi kwa Soche. Amayi anali pakhonde akusola chimanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Mwabwera,” anatero.

Kale ankanditi iwe. Tsopano anandilonjera ngati mlendo wa ku tchalitchi. Inenso kwa Yotamu ndinasowa mawu oyenera. Ndinamusiya ali wa iwe, ndinamupeza ali bambo wa ana atatu, atamanga nyumba ya njerwa pamene panali ya bambo athu. Ndinasankha inu. Iye ankanditi achimwene, mwaulemu wake wonse, koma zinali zoonekeratu kuti mutu wa pakhomopo ndi iye, ndipo anauyenera. Ndiye amene anadwazika bambo.

Yotamu anali mesenjala wa kampani ina yogula fodya ku Limbe. Ankanyamula makalata kupita nawo ku maofesi a ku Kabula, pa njinga yamoto. Masiku amenewo anthu akuda okwera mthuthuthu unkatha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi, ndipo iye anali mmodzi mwa iwo. Madzulo a tsiku limene ndinafika anabwera nayo pakhomo n'kuiimika pansi pa mtengo wa mango. Inali yakuda, yopukutidwa bwino. Inalibe chitsulo chilichonse m'mbali.

Tinakhala pabwalo, ine ndi Yotamu pa mipando, amayi ndi mlamu wanga Esitere pa mphasa. Ankandifunsa za ulendo, ine maso ali pa njinga. Ndikanadikira ngakhale mlungu umodzi. Sindinadikire.

“Njinga iyi ili maliseche,” ndinatero. “Mukagwa nayo mwendo wapita. Mundilole ndiiike nyanga.”

Zimene sindinkadziwa ndi izi: chaka chomwecho kunali kutadutsa anthu ena oyenda ndi kalilole m'midzi, ofukula nyanga za ufiti m'madenga ndi pansi pa ziwundo za nyumba. Mabanja ena anali atapasuka nazo. Ine mawu amenewa ndinali nditawagwiritsa ntchito zaka zambiri pa chitsulo, mpaka tanthauzo lina lija linandichoka m'mutu.

“Nyanga zanji?” anafunsa amayi.

Ndinafotokoza msanga kuti ndi mapaipi chabe, dzina la nthabwala la ku mgodi. Yotamu anaseka. Esitere anaseka mochedwa. Amayi sanaseke.

“Munthu akabwera ku ulendo amafunsa kuti manda a bambo ake ali pati,” anatero. “Inu mwayamba ndi kugwa kwa m'bale wanu.”

Kutacha ndinapita kumanda. Yotamu anandisonyeza mtumbira, tinaima pamenepo, tinapemphera. Koma mawu aja anali atatuluka kale.

Ndinapeza ntchito kwa Mmwenye wina wokonza njinga zakapalasa pafupi ndi siteshoni ya Limbe. Kuseri kwa shopu kunali chipala chaching'ono. Yotamu ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina ankaima kuti ndimupopere tayala kapena ndimumangire tcheni. Nthawi iliyonse ndinkaiyambanso nkhani ija, koma tsopano ndinkati zitsulo.

“Achimwene, kuno si kutchire,” ankatero. “Limbe ndi Kabula ndi pafupi. Msewu ndimaudziwa ngati chikhatho changa.”

“Malole a fodya nawonso amaudziwa?”

“Nanga anthu aziti chiyani? Aziti Yotamu wayamba mantha, wamangira njinga mpanda.”

Ndinamuuza kuti sindikufuna zambiri. Malata ayi, za kumbuyo ayi. Ziwiri zokha, zazing'ono. Iye anati mlatho wa matabwa wa pa Naperi ndi wopapatiza. Ndinapita kukauyeza ndi chingwe, n'kumuuza kuti zidutsa. Anati bwana wake sangalole. Kenako anavomera yekha kuti bwanayo anati zilibe kanthu bola makalata asachedwe. Zifukwa zitatha ananena chenicheni.

“Amayi akuti kukamba za kugwa n'kuitana kugwa. Akuti muzisiye.”

Tsiku limenelo ndinamuuza za Che Saidi. Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense. Ndinamuuza za mabawuti anayi, za Loweruka, za kalata yabodza yopita ku Mpingwe. Anamvetsera atakhala pa njinga, chipewa chili m'manja.

“Pepani ndithu,” anatero. “Koma ine si Che Saidi.”

Anapita. Patatha masiku awiri anabweranso, n'kuzimitsa injini yekha.

“Ikani imodzi, achimwene, mtima wanu ukhale pansi. Ziwiri zioneka kwambiri. Imodzi, amayi akafunsa ndinena kuti ndi popachika chikwama.”

“Imodzi ndi theka la ntchito.”

“Ndiye theka lomwelo. Kapena tisiye.”

“Mbali iti?”

“Amisiri ndinu. Sankhani.”

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinasankha kumanzere. Ndinatenga paipi yabwino, ndinaidzaza mchenga kuti isaphwanyike popinda, ndinaiwotcha, ndinaipinda pang'onopang'ono. Ndinaipaka utoto wakuda kuti ifanane ndi njinga. Mabawuti ndinamanga, n'kubwerezanso. Pa ntchito zonse zimene ndagwira ndi manja awa, sindikumbukira ina imene ndinaisamala chotero.

Panapita miyezi iwiri. Tsiku lina masana munthu wina wokoka gareta anaima pa shopu kudzapempha mafuta a tayala, n'kunena kuti mesenjala wa mthuthuthu wagwa pa Chichiri. Lole inabwera itatenga pakati pa msewu, iye anathawira m'mphepete momwe anthu okonza msewu anali atangothira timiyala, ndipo anatsetsereka mpaka m'ngalande.

“Wavulala?”

“Ameneyo ali ndi Mulungu wake. Chitsulo china cha m'mbali ndicho chalima pansi. Wadzuka yekha, buluku lokha ndilo lang'ambika.”

Ndinakhala pansi pa bokosi. Chibwerereni kumudzi, ndi tsiku limenelo lokha limene ndinamva kuti ndinabwerera chinachake. Ndinapempha Mmwenye kuti ndiweruke msanga, ndipo ndinayenda mpaka ku Naperi ngati mnyamata.

Pabwalo ndinapeza anthu: achibale a Esitere, anansi, ndi mkulu wina wa mpingo. Yotamu anakhala pakhonde, bondo atalimanga nsalu. Njinga inali pansi pa mango, nyanga ija itapindikira m'mbuyo, dothi lofiira lili m'kati. Palibe anandipatsa mpando.

Analankhula ndi amayi.

“Njinga ili ndi mbali ziwiri. Inu munaika nyanga yanu mbali imodzi. Mwana wagwera mbali yomweyo. Munadziwa bwanji?”

Ndinatola kamtengo n'kujambula msewu pa dothi. Ndinasonyeza pamene lole imadutsa, pamene wanjinga amathawira, pamene pamakhala timiyala. Ndinanena za njinga zonse zimene ndinaziona ku Halale. Ine amene sindilankhula kwambiri, tsiku limenelo ndinalankhula, ndipo pamene ndinkafotokoza bwino ndi pamene nkhope zawo zinkaumira. Amalume ake a Esitere anawerama kuyang'ana chojambulacho.

“Mwaona,” anatero motsitsa mawu. “Ngakhale lole akuidziwa.”

“Amayi,” anatero Yotamu, “chitsulocho chikanapanda kukhalapo bwenzi mwendo uno kulibe.”

“Chisanakhalepo unagwapo kangati?”

Yotamu anali asanagwepo.

Mkulu wa mpingo uja anayesa kunena kuti Akhristu sayenera kuganizirana zotere, koma ananena akuyang'ana pansi. Amayi anakonza mpango wawo.

“Ine ndinabala ana aamuna awiri. Wina anapita. Amene wabwerayu sindinamudziwebe. Ayambe wagona ku Limbe konko, mitima ikhale kaye pansi.”

Ndinatenga bulangeti ndi sutikesi dzuwa lisanalowe. Mmwenye anandilola kugona m'kachipinda ka kuseri kwa shopu. Ndimo ndikukhala mpaka lero.

Patatha mlungu Yotamu anabwera. Ankatsimphina pang'ono. Anatsitsa chiguduli chimene anamanga kumbuyo kwa njinga n'kuchiika pa tebulo langa. Sindinafunikire kumasula.

“Akuti chibwerere kwa mwini wake,” anatero.

“Mwachotsa nokha?”

“Ndinabwereka sipanala ku kampani. Munamanga zolimba, achimwene. Ndatuluka nazo thukuta.”

Anafuna kuti tiseke. Sindinathe.

“Ndikhoza kupanga ina,” ndinatero. “Ziwiri tsopano, mbali zonse, kuti pasakhale wofunsa. Kapena musapangitse kwa ine. Pali mmisiri wina ku mashedi a sitima, ndikupatsani muyeso pa pepala, mukamupatse ngati nzeru zanu.”

“Aziona. Adziwa kumene zachokera.”

“Inuyo mukukhulupirira zimene akunenazo?”

“Ayi. Ndinagwa ndine, ndinaona chimene chinachitika. Ndawauza kangapo.”

“Nanga tsono?”

Anayang'ana kunja, kumene anthu ankatsitsa mabelo a fodya pa lole.

“Amayi ananyamula maliro a bambo muli kutali. Usiku sagona ndikachedwa. Akaona chitsulo pa njingayo sadzadyanso. Miyendo ndili nayo iwiri, achimwene. Mayi ndili naye mmodzi.”

Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti pa Chichiri azichepetsa liwiro ndipo lole ikabwera aziima m'malo mothawira m'timiyala. Anati wamva. Ndinagwada n'kuyang'ana mabowo amene mabawuti anasiya, n'kuwapaka girizi kuti asachite dzimbiri. Anandilola. Kenako anavala chipewa, anaponda kawiri, injini inalira.

Kunyumba sanandiitanebe. Pa Khirisimasi Esitere anatumiza nkhuku yophika kudzera kwa munthu wina, popanda uthenga. Ku tchalitchi ndimapita cha kuno ku Limbe.

Yotamu amadutsa pa shopu pano kawiri pa tsiku, m'mawa popita ku Kabula ndi masana pobwerera. Saimanso, matayala amapopetsa kwina. Koma akafika pa khomo lathu amaliza huta kamodzi, osatembenuka. Ya masana ikalira ndimapitiriza ntchito. Ya m'mawa ikalira ndimaika sipanala pansi, n'kumvetsera injini ikukwera cha ku Chichiri mpaka itasoweka m'phokoso la malole.